Mbande Sizikalambira pa Nazale

Mwezi wa Seputembala ukafika, munthu woyenda mu msewu wa M1 kuchokera pa mlatho wa Bua, kudutsa pa Chinkhoma mpaka pa boma la Kasungu, amaona zofanana m'madambo: mabedi ataliatali ofundika udzu, ndi anthu atanyamula makeni dzuwa lisanatuluke. Ndi nazale za fodya. Mlimi wa kuno, ngakhale amene sanapondeko m'kalasi, ntchito ya pa nazale amaidziwa ngati dzina lake. Nzeru imeneyi ndikufuna kuibwereka pa nkhani ina imene ambiri timaikamba monong'ona: momwe tingaphunzitsire mwana, kapena munthu wamkulu, amene ali ndi ulumali wa ubongo kuti azisamba yekha, azivala yekha, azidziphikira, azitumika ku golosale, ndiponso azitha kukana wina akafuna kumuchita chipongwe.

Poyamba timvane za anthu amene tikuwanena. Awa si odwala misala ayi. Ndi anthu amene amachedwa kumva zinthu ndi kusunga zimene aphunzira, ndipo zimayamba kuoneka akadali aang'ono. Mwana anachedwa kukhala pansi, anachedwa kuyenda, anzake ayamba kale kutumidwa iye mawu akadali owerengeka. Ku sukulu amabwereza Sitandade 1 kapena 2 mpaka kukula kuwapitirira anzake onse m'kalasi, kenako amangosiya. Kwa ena vutoli ndi lochepa, moti amakwatira n'kusunga banja bwinobwino. Kwa ena ndi lalikulu, amafuna wowayang'anira moyo wawo wonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo a ubongowa ali m'gulu lomweli. M'boma la Kasungu, momwe kalembera yemweyo anawerenga anthu oposa 800,000, nkhaniyi ndi ya makomo ambiri.

Zina mwa zoyambitsa zake zimadziwika. Mwana kubanika pobadwa chifukwa mayi anachedwa kufika ku chipatala. Chikasu chachikulu cha mwana wakhanda. Matenda oumitsa khosi. Kusowa kwa ayodini m'thupi mwa mayi woyembekezera, n'chifukwa chake mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Mowa pa nthawi ya pakati. Kunyentchera kwa nthawi yaitali. Ena amabadwa ndi Down syndrome, imene imabwera mwana akatenga kromozomu yowonjezera ya nambala 21, ndipo palibe kholo limene linalakwa kanthu. Palinso malungo aakulu aja ogwira ubongo. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo amenewa m'zaka za m'ma 1980, ndipo kafukufuku wa kumeneko waonetsa kuti ena mwa ana opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto la kulankhula ndi kuphunzira.

Ndatchula zonsezi chifukwa cha bodza limene limandipweteka mtima. Kuno ndalama za fodya zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo zimabwera poyera. Bambo akagula chigayo kapena galimoto pamene pakhomo pali mwana wotere, anthu amayamba kunong'onezana kuti anamukhwimira mwanayo kuti alemere. Banja limene likulozedwa zala chonchi limamubisa mwana kuseri kwa mpanda, ndipo mwana wobisidwa saphunzira kanthu.

Tsono tiyeni ku dambo.

Mbewu ya fodya ndi yaing'ono zedi. Mu galamu imodzi muli njere zoposa 10,000. Palibe mlimi amene amaimwaza m'munda momwe amachitira ndi mawere. Amaikonzera bedi losalala, lopanda zibuma, amaisakaniza m'madzi a mu keni, n'kuithirira mofatsa. Amadziwa kuti mbewuyi si yolephera kumera. Imangofuna malo okonzedwa molingana ndi mmene ilili. Mwana wathu uja nayenso ndi choncho. Ana ena amaphunzira kutsuka mbale pongoonerera, wina osawauza. Iyeyu kuonerera kokha sikumukwanira. Amafuna kuti wina akhale naye pansi pa malo opanda phokoso, wailesi itatsekedwa, ana anzake asakumuunjirira, n'kumuonetsa chinthu chimodzi chokha, ndi mbale yeniyeni imene amadyera, sopo weniweni, pa thandala lenileni la pakhomopo.

Kathiriridwe nakonso kali ndi phunziro. Pa nazale sathira mgolo wonse Loweruka kuti apume sabata yonse, mbewu ingakokoloke. Amathirira pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Mphindi zisanu kapena khumi tsiku lililonse, pa nthawi yake yeniyeni ya ntchitoyo, zimaposa tsiku lathunthu lomukhazika mwana pa mkeka mpaka nonse kukwiyitsana. Kusamba m'manja kuphunzitsidwe nsima ili pafupi kufika. Kuvala kuphunzitsidwe m'mawa akatha kusamba. Ndipo mawu akhale omwewo: amayi akamati "tikita", agogo nawonso azinena kuti "tikita", osati lero mawu awa mawa ena.

Ntchito imene ife timaiona ngati imodzi, kwa iye ndi ntchito zambiri zolumikizana. Taganizani za kuvala malaya. Kuwatenga pa chingwe, kuona kumene kuli kutsogolo, kulowetsa dzanja lina, kuwazungulitsa kumsana, kulowetsa linalo, kulinganiza mabatani, kumanga. Mayi akangoti "Tavala, iwe!" wamupatsa mwana ntchito zisanu ndi ziwiri ndi mawu amodzi. Aphunzitsi odziwa amaigawa ntchito m'tizigawo totere, ndipo kawirikawiri amayambira kumapeto. Mayi amachita zonse, n'kusiya batani lomaliza. Mwana akalimanga, ntchito yathera m'manja mwake, ndipo mayi amamuyamikira pomwepo: "Eya, wavala wekha mwanawe!" Likazolowereka batani limenelo, mayi amasiya awiri. Kenako onse. Kenako dzanja lachiwiri. Ubwino wa njirayi ndi woti tsiku lililonse mwana amalawa kukoma kwa kumaliza, chinthu chimene ana ambiri otere sanachilawepo chibadwire.

Wina anganene kuti izi n'za mabatani chabe. Ku America, katswiri wina dzina lake Marc Gold, wa pa yunivesite ya Illinois, anafalitsa mu 1972 zotsatira za ntchito imene inadabwitsa anthu. Anatenga anthu amene ulumali wawo wa ubongo unali waukulu ndithu, amene ambiri ankati sangaphunzire ntchito yeniyeni, n'kuwaphunzitsa kulumikiza buleki ya njinga ya tizitsulo 15. Anayala tizitsuloto motsatana, ankalankhula mawu ochepa kwambiri, ndipo munthu akalakwitsa sankamukalipira, ankangomuuza kuti ayesere njira ina. Anthuwo anaphunzira. Mfundo ya Gold inali yoti wophunzira akalephera, woyamba kufunsidwa akhale mphunzitsi ndi njira yake. Amene anaonapo amisiri a njinga pa Chamama kapena pa Santhe akumasula habu ya kumbuyo akudziwa kuti imeneyi si ntchito yamasewera.

Tifike pa udzu, poti mtima wa nkhaniyi uli pamenepa. Mlimi akafesa amafunditsa bedi ndi udzu kuti chinyontho chisathawe ndiponso dzuwa la Okutobala lisawauke timbewu tongomera kumene. Popanda udzu palibe mbande. Koma mlimi yemweyo amadziwa kuti udzu ukakhalitsa, mbande zimatalika monyozoloka, zotuwa, zopanda mphamvu, ndipo zina zimaola. Choncho amaupungula pang'onopang'ono. Sachotsa wonse tsiku limodzi, ndipo sausiya mpaka kalekale. Amayang'ana mbandezo, zimamuuza zokha kuti lero chotsaniko wina.

Thandizo limene timapereka kwa mwana wa ulumali wa ubongo ndi udzu umenewu. Tsiku loyamba mayi amaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la mwana, n'kutikita mbale limodzi. Patapita masiku amangogwira pa mkono. Kenako amangokhudza chigongono. Kenako amangoloza sopo ndi chala. Kenako amangotchula mawu amodzi. Pomaliza amangoima poteropo, osanena kanthu. Gawo lililonse lili ndi nthawi yake, ndipo mwana akabwerera m'mbuyo, monga amachitira akadwala malungo kapena pakagwa maliro pakhomo, palibe cholakwa kubwezeretsako thandizo kwa masiku angapo.

Gawo lovuta kwambiri ndi lomalizalo, loima chete. Ndimawamvetsa amayi. M'mawa nthawi ndi yochepa, kumunda kukudikira, ndipo kumuveka mwana kumatenga mphindi ziwiri pamene kumudikira kuti avale yekha kumatenga theka la ola. Palinso chisoni. Mayi akaona mwana wake akulimbana ndi batani, manja amathamanga okha. Agogo nawo amadzudzula: "Mukumuzunziranji mwanayu? Simukuona mmene alili?" Chikondi chimenechi n'chenicheni, sindikuchinyoza. Koma ndi chomwechi chimene chimafikitsa mnyamata zaka makumi awiri akusambitsidwa ndi mayi ake, pamene manja ake ndi abwinobwino. Mwana wotere mutu wake umafuna nthawi kuti mawu alowe, akhazikike, kenako afike ku manja. Mukamuuza chinthu, werengani chamumtima mpaka khumi musanabwereze. Nthawi zambiri mudzaona dzanja likuyamba kusuntha mukufika pa seveni. Tikafulumira kubwereza, kapena kumuchitira, amaphunzira chinthu chimodzi chokha: kuti akangodikira, wina achita.

Kukatsala milungu iwiri kapena kuposerapo kuti awokere, mlimi amachepetsa madzi dala. Masana mbande zimafota, ndipo mlendo wodutsa angaganize kuti mwini nazale ndi waulesi. Koma akuzilimbitsa kuti zikapirire m'munda. Alimi ena amayesa pozunguliza tsinde pa chala: mbande yokonzeka imapindika osathyoka. Kwa mwana wathu, iyi ndi nthawi yomulola kuti atuluke pa mpanda. Apite ku mjigo ndi ndowa yaing'ono, mlongo wake akutsatira chapatali. Madzi atayika, ndowa ibwera ndi theka, zovala zinyowa. Zisiyeni. Apite ku golosale ya pafupi atanyamula paketi yakale ya mchere kuti akaonetse chimene akufuna, inu mutapangana kale ndi wogulitsayo kuti amudikire alankhule yekha.

Za ndalama zimafuna kudekha kwapadera. Munthu amene satha kuwerenga manambala amazindikira ndalama poona nkhope, koma ndalama zathu zili ndi msampha: John Chilembwe ali pa K500 komanso pa K2,000, Kamuzu Banda ali pa K1,000 komanso pa K5,000. Nkhope yokha siyokwanira; aphunzire kuona mtundu wa pepala, ndipo muyambe ndi ndalama ziwiri zosiyana kwambiri, monga K200 ya Rose Chibambo ndi K1,000. Poyamba muzimupatsa ndalama yokwanira ndendende chimene akukagula, za chenji zibwere pambuyo. Ena sadzafika powerengera chenji, koma atha kuphunzira kutambasula dzanja n'kudikira, ndi kubweretsa kunyumba zonse zimene apatsidwa.

Powokera, mlimi amadikira mvula, amathirira bedi kwambiri kuti mizu izuke ndi dothi lake, ndipo sadabwa mbande zikagona masiku oyamba m'munda. Ichi makolo ambiri sachiyembekezera. Mwana amene amasamba m'manja bwinobwino kunyumba akafika ku sukulu kapena kwa azakhali amaoneka ngati sanaphunzirepo. Sikuti waiwala. Kwa iye beseni lina, munthu wina ndi malo ena ndi ntchito ina. Choncho luso likagwira pakhomo, liyesedwenso ku tchalitchi, ku mzikiti, kwa agogo, ndi bambo, ndi mchimwene wake, aliyense akugwiritsa mawu omwe aja. Abambo ndikuwatchula dala. M'makomo ambiri ntchito yonseyi imagwera mayi yekha, koma pali zina, monga kumeta ndevu ndi kudzisamalira kwa mnyamata amene watha msinkhu, zimene zimayenera bambo kapena atsibweni.

Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo ndiyenera kupanena momveka. Mlimi amataya mbande zofooka, munthu satayidwa. Mlimi amameta masamba kuti mbande zonse zifanane msinkhu. Ife sitikufuna kuti mwanayu afanane ndi anzake, tikufuna afike pamene iye angafike. Nazale imatha m'miyezi iwiri kapena itatu chifukwa mvula siidikira, pamene batani limodzi litha kutenga chaka. Ndipo alipo ena amene thandizo silidzachoka lonse mpaka ukalamba. Kwa munthu wotere, kudziwa kunyamula kapu yekha, kapena kuloza kuti akufuna kupita kuchimbudzi, ndi ulemu waukulu umene wabwezeredwa, ndiponso mpumulo kwa womusamalira.

Ndisasiyenso chinthu china: nazaleyi ndaibwereka ngati fanizo chabe. Mwana, wa ulumali kapena wopanda ulumali, malo ake si m'munda wa fodya. Tsamba lonyowa limalowetsa chikonga pakhungu, munthu n'kuyamba chizungulire ndi kusanza, ndipo mwana amene satha kufotokoza mmene akumvera ndiye ali pa ngozi yaikulu. Mankhwala opopera akhale kutali ndi iye. Akakula, ntchito zomuyenera zilipo zambiri: kudyetsa nkhumba ndi nkhuku, kusenda mtedza, kuthirira dimba la masamba, kusesa pa chigayo. Koma alipidwe monga wina aliyense. Tonse tikuwadziwa anyamata amene amatunga madzi tsiku lonse pa malo ogulitsira zakudya, malipiro ake mbale ya nsima yotsala. Kumeneko ndi kumudyera munthu masuku pamutu.

Pa kuphika, amene ali ndi khunyu asasiyidwe yekha pa moto kapena pa chitsime, ndipo mankhwala ake a ku chipatala asadumphitse. Atha kuphunzira kusadzula ndiwo, kusefa ufa ndi kupakula, moto ukuyang'aniridwa ndi wina.

Nkhani ya atsikana imafuna kulimba mtima. Mtsikana wa ulumali wa ubongo amatha msinkhu monga anzake, ndipo asadikiridwe kuti tsikulo limudzidzimutse. Amayi kapena anamkungwi ayambe msanga, ndi njira yomwe ija ya tizigawo: kupinda nsalu, kuvala, kusintha, kuchapa, kuyanika. Malangizo ophiphiritsa amene anzake amawamva, iye samupindulira. Amafuna mawu olunjika. Aphunzire kuti ziwalo zobisika ndi zake, kuti palibe wololedwa kuzigwira ngakhale atamupatsa mandasi kapena ndalama, ngakhale ali wachibale, ndiponso adziwe munthu mmodzi kapena awiri oti akawauze. Anyamata nawonso aphunzitsidwe zomwezi. Apa pali chinthu chimene makolo ayenera kuchiganizira bwino: mwana amene taphunzitsa kuti azingomvera wamkulu aliyense, tamutsegulira khomo wachipongwe. "Ayi" ndi luso lofunika kuliyeserera pakhomo mokweza mawu, monga timayeserera batani. Ndipo akanena kuti wina wamugwira, mukhulupirireni. Nambala ya foni ya 116 yothandiza ana ndi yaulere, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Makolo sayenera kusenza okha katunduyu. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabwera lamulo latsopano limene linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, la mu 1971, kukhala MACODA. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera, kuphatikizapo ochedwa kuphunzira, ndipo sukulu zina za pulayimale zili ndi chipinda chapadera cha ana otere. A St John of God ku Mzuzu akhala akugwira ntchito ndi ana amenewa ndi makolo awo kwa zaka zambiri. Makolo ali ndi bungwe lawolawo la PODCAM. Kasungu weniweniyu ali ndi mbiri yake: sukulu ya ana osaona ya ku Chilanga inaonetsa kalekale kuti mwana amene mudzi unamuona ngati wongokhala atha kuphunzira.

Komabe tinene zoona. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a ana aang'ono ndi odzaza, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana zana patsogolo pake sangawerenge mpaka khumi kudikira mwana mmodzi. Aphunzitsi apadera ndi ochepa, ndipo midzi ya kwa Chulu, kwa Simlemba kapena kwa Kapelula ili kutali ndi boma. Pempho langa ndi lakuti luso limeneli lifike kwa anthu amene amalowa kale m'midzi: alangizi a zaumoyo amene amayeza ana ku sikelo, alezi a m'sukulu za mkombaphala, amayi a m'magulu a mipingo. Fodya ali ndi alangizi ake oyendera alimi mpaka pa nazale, ndipo ku Mwimba, konkuno ku Kasungu, kuli koleji yophunzitsa ulimi umenewu. Mayi amene akuphunzitsa mwana wake kugwira supuni nayenso akufunika womuyendera, womuonetsa ndi manja, womuuza kuti apa chepetsaniko thandizo.

Funso limene limawasowetsa tulo makolo ndi lakuti, "Ine ndikadzapita, adzamusunga ndani?" Yankho lake liyambe kukonzedwa makolo akadali ndi mphamvu. Mwanayo akakwanitsa zaka 16 akalembetse chiphaso cha unzika, poti popanda chimenechi thandizo lambiri limamudutsa. Banja lifunse ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma ngati lingalowe mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko yothandiza mabanja ovutika ndi ndalama imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Mwini mbumba aitanitse abale, amfumu ali pomwepo, agwirizane poyera za gawo lake la munda, mbuzi zimene ndi zake, ndi nyumba imene adzakhale. Mwanayo akhalepo pa bwalolo, afunsidwe kuti akufuna kudzakhala ndi ndani, ndipo anthu adikire mpaka ayankhe.